Mmene mungadziwire nthawi yoodanso nsalu isanakuthereni

Achemwali, mwafunsa chochita poti nsalu imakutherani oda ya mayunifomu ili pakati, pamalo anu osokera kuno ku Johannesburg. Chitani izi.

Choyamba werengani zonse zili pashelefu: nsalu, ulusi, mazipi, mabatani. Zilembeni mu Google Sheets kapena Excel, chilichonse pamzere wake. Musathamangire mapulogalamu akuluakulu a bizinesi monga Sage kapena Odoo, amenewo adzafunika antchito akachuluka.

Kenako, kwa milungu iwiri, muzilemba mamita amene mwadula tsiku lililonse. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, koma nkhani yonse yagona pa nambala imeneyi. Pezani avereji ya patsiku, muichulukitse ndi masiku amene katundu amatenga kuti afike, n'kuwonjezera yapadera yodikirira. Tinene kuti mumadula mamita 20 patsiku ndipo wogulitsa amabweretsa pakatha masiku 5. Ndiye kuti ndi mamita 100, onjezani 40. Nsalu ikangotsika kufika pa 140, odani tsiku lomwelo. Mu Sheets ikani conditional formatting (lamulo losintha mtundu wa kabokosi) kuti kabokosi ka nsaluyo kazifiira kokha ikafika pa nambalayo.

Masiku odikirawo safanana ayi. Za kumashopu a ku Oriental Plaza ku Fordsburg mutha kukatenga lero lomwe pa takisi. Zochokera kunja zambiri zimatsikira padoko la Durban n'kubwera pamsewu waukulu wa N3, ndipo sitima zikaunjikana kumeneko, mudikira ndithu. Zoterezi sungani zochulukirapo, makamaka Disembala asanafike, poti mafakitale ambiri amatseka pakati pa mweziwo pomwe makolo amafuna mayunifomu mu Januwale.

Lachisanu lililonse werenganinso pamanja, muyerekeze ndi zimene munalemba mu Sheets kapena Excel.