Momwe mungaumitsire udzu wodyetsa ng'ombe m'chilimwe

Udzu wosungira ng'ombe umamwetedwa ukadali wobiriwira, utangoyamba kuchita maluwa. Mukaudikira kuti ukhwime, mutolera mitolo yambiri koma chakudya chake chimakhala chitachepa, ndipo ng'ombe zimangoununkhiza n'kuusiya. Udzu wa Rhodes umauma msanga. Nsenjere ndi yovuta chifukwa mapesi ake ndi onenepa. Mwetani m'mawa mame atakamuka, n'kusiya chitsa cha masentimita 10 kuti uphukenso.

Poumitsa m'pamene pamaonongeka zambiri. Yalani udzuwo mopyapyala, ndipo muziutembenuza ndi mphanda kawiri pa tsiku. Dzuwa likakhala la phwee, masiku awiri kapena atatu akwana. Madzulo uunjikeni m'mizere kuti mame asaunyowetse wonse. Musakhulupirire maso, chifukwa pamwamba umaoneka wouma pomwe m'mfundo mudakali madzi. Tengani wodzaza dzanja kuchokera pansi pa mzere, muupote mwamphamvu. Ukamazizira m'manja kapena kutuluka madzi, sunaume. Njira ina: duladulani pang'ono, ikani m'botolo louma pamodzi ndi supuni imodzi ya mchere, tsekani n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwezerani udzuwo padzuwa. Chinyezi chisapitirire 15 peresenti.

Udzu womangidwa usanaume umatentha m'kati, umachita nkhungu, ndipo mulu waukulu umatha kuyaka wokha. Pisani mkono pakati pa mulu m'masabata oyamba. Mukamva kutentha, phwasulani pomwepo. Wankhungu musapatse ng'ombe, makamaka za bere. Kuumitsa mopitirira nakonso n'kulakwa: udzu umayera, masamba n'kuyoyoka, pomwe chakudya chili m'masambamo.

Pomanga mabelo, bokosi lamatabwa la masentimita 100 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 msinkhu ndi lokwanira, ndipo silidula ngati kubwereka makina. Goneketsani zingwe ziwiri, dzazani udzu, pondani, mangani. Chingwe chikhale cha khonje. Chapulasitiki ng'ombe ikameza chimatsalira m'mimba. Ogula mabelo, ng'ambani limodzi pakati musanalipire. Ogulitsa ena amakuta udzu wovunda ndi wabwino kunja, ena amamanga wosauma kuti ulemere pa sikelo.

Sanjani pathandala, pansi pa denga, mphepo izidutsa, ndipo muziyang'ana chiswe. Ng'ombe ya makilogalamu 300 imadya pafupifupi makilogalamu 8 pa tsiku. Madzi ndi mchere wonyambita zisasowe m'khola.