Kalata ya refarensi pofunsira malo ku sukulu ya udokotala isakusowetseni tulo, chitani chonchi

Nyengo yofunsira malo ikafika ana ambiri kuno ku Mangochi amene akufuna udokotala tulo sabwera ndithu, nde ukawafunsa chavuta n'chani upeza si mapointi ayi, koma kalata ija ya refarensi, yoti munthu wamkulu alembe kuti mwanayu ndikumudziwa ndi wotere. Mwana amati andilembera ndani ine wa ku Makanjira, aphunzitsi anga a bayoloje anawasamutsa, kwathu kulibe dokotala ngakhale mmodzi, a hedi sandidziwa ndi dzina lomwe. Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, koma yambiri imagwera pamalo olakwika.

Yambani mwaona kaye ngati kalatayo ikufunikadi. Ngati mwangomaliza fomu 4 ndipo mukufuna ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yunivesite ija inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, njira yake ndi ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo chimene chimalankhula mokweza kumeneko ndi zotsatira zanu za MSCE, makamaka masayansi, masamu ndi Chingerezi. Werengani chidziwitso cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, mukapanda kuona pamene apempha kalata basi musadzivutitse, mphamvuzo ikani pa kudzaza fomu molondola. Makalata amabwera kwambiri kwa amene akulowera njira zina, monga kilinikolo ofisa amene anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences nkugwira ntchito zaka zingapo pano akufuna kukwera, dokotala amene akufuna kukaphunzira ukatswiri, amene mukusaka sikolashipu, komanso amene maso ali kunja. Ku UK mwachitsanzo amafunsira kudzera pa UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite, amafuna refarensi imodzi yokha, ndipo za udokotala amatseka pa 15 October nthawi ya 6 madzulo kumeneko, kuno imakhala 7 koloko usiku. Ku America ndi zina, uyambe wakhala ndi digiri yoyamba, ndipo AMCAS, njira yofunsira malo a udokotala kumeneko, imalola makalata mpaka 10 ngakhale sukulu iliyonse imanena yokha kuti ikufuna angati komanso ochokera kwa ndani. Nde musamatengere zimene mnzanu anachita, aliyense awerenge za kumene akupita.

Tsopano pa nkhani ya wolemba, apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo. Kwathu kuno timakhulupirira kuti kalata ikachokera kwa munthu wa dzina ndiye kuti yalemera, nde mwana amathamangira kwa a MP, kwa a mfumu, kwa abusa kapena a shehe, ena mpaka kufunafuna wachibale wa wachibale amene amadziwana ndi pulofesa wina ku Blantyre. Anthu amenewa ndi olemekezeka ndipo angakufunireni zabwino zenizeni, koma amene akuwerenga kalatayo akufuna kudziwa chinthu chimodzi, kodi wolembayu anamuona mwanayu akugwira ntchito kapena akuphunzira? Kalata yoti ndi mwana wa ulemu, wolimbikira, woopa Mulungu, amaziona zambirimbiri ndipo zonse zimafanana. Koma aphunzitsi a kemisitile a pa CDSS atalemba kuti mtsikanayu ndinamuphunzitsa zaka ziwiri, labu tinalibe koma ankatsala masana kuphunzitsa anzake, mayeso oyamba sanakhoze bwino koma pofika fomu 4 anali patsogolo pa kalasi yonse, imeneyo ndiye kalata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aphunzitsi amene mukuwapeputsawo ndi amene ali ndi nkhani yanu.

Kwa inu amene muli kale pa ntchito, kaya pa chipatala chachikulu pa boma, kaya ku Monkey Bay, ku St Martin's ku Malindi kapena pa helefi senta ya kumudzi ngati Lungwena, funsani munthu amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku, amene mumazungulira naye mu wodi, amene anakuonani usiku mayi oyembekezera atafika mochedwa kuchokera kutali. Ngati fomu ikunena kuti kalata ichokere kwa olemba ntchito, inde ipite kwa abwana aakulu a zaumoyo m'boma, koma pemphani kuti amene amakudziwaniyo awapatse mfundo, abwana asangosainira za m'mutu. Ndipo musaiwale mwayi umene tili nawo kuno, ophunzira udokotala a ku KUHeS amabwera ku Mangochi kudzaphunzira za umoyo wa m'madera limodzi ndi aphunzitsi awo, nde ngati munagwirapo ntchito ndi mmodzi wa aphunzitsiwo kwa nthawi yokwanira, ameneyo akhoza kulemba zimene anaona ndi maso. Wachibale ayi, ngakhale malume anu atakhala dokotala wamkulu, a UCAS amakaniratu wachibale kapena mnzako ndipo kwina konse zimachotsa chikhulupiriro.

Kapemphedwe kake. Musatumize ka meseji ka pa WhatsApp koti bwana ndikufuna refarensi mawa, zimenezo zimakwiyitsa munthu ndipo akalemba amalemba mothamanga. Apatseni mwezi ndi theka ngati nkotheka, osachepera milungu itatu. Pitani nokha, kwerani kabaza kaya minibasi mukawaone pamaso, mupereke moni bwinobwino kenako munene kuti, aphunzitsi, ndikufunsira malo a udokotala ndipo ndimaona kuti inu ndi amene mumandidziwa bwino pa maphunziro, kodi mungathe kundilembera kalata yabwino yondichitira umboni? Mawu oti yabwino musawasiye, chifukwa amamupatsa munthu mpata wokana mwaulemu ngati sakukukumbukirani bwino. Mukaona akuzengereza, akuti tiona, ndatanganidwa, musakakamire ndipo musakhumudwe, thokozani mupite kwa wina. Kukanidwa kumapweteka tsiku limodzi koma kalata yozizira imakupwetekani inu osadziwa, poti nthawi zambiri simuiwerenga nkomwe. Ngati aphunzitsiwo anawasamutsa, nambala yawo ipezeka pa sukulu pomwepo kapena kwa anzanu a kalasi, imbani foni kaye osati meseji, kusamuka sikufafaniza zimene anaona.

Akavomera musapite chimanjamanja. Mphunzitsi amene wadutsa ana mazanamazana sangakumbukire zonse za inu, nde muthandizeni. Konzani pepala limodzi lokha, lembanipo dzina lanu monga lilili pa satifiketi ya MANEB, zaka zimene munali naye, maphunziro amene anakuphunzitsani ndi mmene munakhozera, zinthu zitatu kapena zinayi zimene munachita iye akuona, chifukwa chimene mukufunira udokotala, dzina la sukulu ndi la pulogalamu, tsiku lotsekera, ndi njira yotumizira. Phatikizani fotokope ya zotsatira ndi sivi yanu. Ngati panali chovuta chimene chinakubwezani m'mbuyo, mwina munadwala, mwina munasiya kaye sukulu chifukwa cha fizi kapena maliro a kholo, mwina munabwereza fomu 4, auzeni ndipo muwalole atchule ngati inu mwamasuka. Ambiri amabisa zimenezi poopa manyazi, pamene zikanenedwa ndi mphunzitsi zimaonetsa kuti munthuyu anagwa nkudzuka, ndipo udokotala umafuna anthu otere.

Pali chizolowezi china chimene chafala, abwana amati lemba wekha ndidzangosaina. Ndikudziwa kuti kukana munthu wamkulu nkovuta, koma yesetsani kunena kuti bwana ndakulemberani mfundo zonse apa, mawuwo akhale anu. Kalata yolemba wekha imadziwika, kalembedwe kake kamafanana ndi ka nkhani yako imene watumiza limodzi, ndipo umadzichepetsa mopitirira kapena kudzitama mopitirira. Zopeka siginecha, kubwereka chidindo, kutsegula imelo yabodza m'dzina la aphunzitsi, chonde musayerekeze. Masukulu amatha kuimba foni kapena kulembera wolembayo kuti atsimikize, mukagwidwa malo apita, ndipo ntchito imene mukuifunayi ndi yoti mudzalembetse ku Medical Council of Malawi, anthu adzakupatsani miyoyo yawo. Ndalama musalipirenso, refarensi sigulidwa.

Za kutumiza ndi zimene zimagwetsa anthu ambiri kuno kuposa china chilichonse. Masukulu ambiri akunja safuna kuti kalata idutse m'manja mwanu, inu mumangolemba dzina ndi imelo ya wolembayo, iwo nkumutumizira linki. Nde funsani imelo imene amaitseguladi, osati ija anatsegula kalekale pasiwedi anaiwala, ilembeni iwo akuona chilembo ndi chilembo, ndipo mukangotumiza auzeni ayang'ane ndi mu sipamu momwe. Pa UCAS ngati mukufunsira panokha apulikeshoni yanu sichoka mpaka refarensi italowa, tangoganizani zonse mwamaliza koma mwakanika chifukwa linki ili mu foni ya munthu amene ali kumudzi kopanda netiweki. Ngati akuvutika ndi intaneti, kuwagulira bandulo kapena kupita nawo pa kafe pa boma si chiphuphu, bola alembe okha ndi kutumiza okha. Ikakhala ya papepala, ikhale pa pepala la sukulu kapena la chipatala lokhala ndi mutu wake, deti, siginecha, chidindo, udindo wa wolemba ndi nambala yake ya foni. Sikanani moyera, osati chithunzi chopendekera chojambula pa mphasa chala chikuoneka pakona. Ndipo dziikireni tsiku lanu lotsekera, sabata imodzi lenileni lisanafike, magetsi amatha kuzima tsiku lomwe mukuwafunitsitsa.

Kukumbutsa musaope, si mwano. Pakatsala milungu iwiri tumizani uthenga waufupi, mwadzuka bwanji madamu, ndimangokumbutsa za kalata ija, atseka pa deti lakuti, ngati pali china chimene ndingabweretse ndiuzeni. Pakatsala sabata imbani. Khalaninso ndi munthu wina wapambali amene munamuuziratu kuti mwina ndidzakufunani, chifukwa anthu amadwala, amapita ku maliro, amaitanidwa ku wekishopu ku Lilongwe mwadzidzidzi.

Ikangolowa kalatayo, isiyeni. Kumangoganiza kuti kaya alemba zotani sikusintha kanthu, ndipo munthu amene wavomera ndi mtima wonse kawirikawiri salemba zokugwetsani. Nthawi imeneyo konzekerani intavyu ngati ilipo, konzani nkhani yanu, onani za fizi ndi za ngongole ya ophunzira. Pitani mukathokoze, ndipo zotsatira zikatuluka kaya mwatengedwa kaya ayi adziwitseni, chifukwa mukadzafuna kuyesanso chaka chamawa ndi anthu omwewa amene mudzawagogodere, nde sungani kope ya pepala la mfundo lija kuti mudzangowonjezerapo zatsopano.