Pikapu yonyamulira mbatatesi: ya dizilo kapena ya petulo?

Alimi anzanga a ku Tsangano, Lizulu ndi Bembeke, ambiri mukagulitsa mbatatesi ndi kabichi mumabwera kudzandifunsa za galimoto. Funso langa loyamba limakhala lakuti: muzinyamula chiyani, kangati pa sabata, msewu wake uti?

Ngati ntchito ndi yotuta matumba kumunda kupita nawo pa Tsangano Turn-off kapena ku Lilongwe sabata ndi sabata, tengani ya dizilo. Injini ya dizilo imakoka mwamphamvu ngakhale isanakwiye, n'chifukwa chake imakwera chitunda itasenza, pamene ya petulo imafuna kuipondera mpaka kulira. Pa katundu wolemera dizilo amathanso pang'onopang'ono. Amene anakwerapo Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti atadzaza chimanga akudziwa zimene ndikunenazi.

Koma dizilo ali ndi mwambo wake, ndipo apa ndi pamene ambiri mumagwera. Ma Hilux, Isuzu D-Max ndi Ford Ranger a masiku ano ali ndi ma injector (tizipangizo topopera mafuta mu injini) osakhwima ku litsiro. Mafuta akasowa mumathamangira a m'zigubu a m'mbali mwa msewu. Ndinaonapo fyuluta itamasulidwa pagalaja ina, pansi pake patadikha madzi ndi matope ofiira, mwini wake atagwira m'mutu. Phindu la dimba lonse linathera kwa makaniko. Thirani pa filling station, sinthani fyuluta ndi oyilo nthawi yake ikakwana, ndipo nyale yochenjeza kuti m'mafuta muli madzi ikayaka musapitirize ulendo. M'mawa wa Juni ndi Julaye kuno kumazizira, dikirani kanyale ka glow plug (kachipangizo kotenthetsa m'kati mwa injini) kazime musanalize. Mukafika pa ulendo wautali, injini iyambe yapuma kamphindi ikulira kuti turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) izizire.

Ya petulo musainyoze. Kwa amene amangonyamula feteleza pa nyengo yake, makreti a tomato ndi maulendo afupiafupi a paboma, ndi yabwino, ndipo kukonzetsa kwake sikupweteka m'thumba.

Tsono za kulemera. Ma pikapu amenewa anapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, kuwerengera ndi anthu okwera omwe. Thumba la mbatatesi losokerera chisoti pamwamba lija si la makilogalamu 50 ayi. Mukaona masipuling'i awongoka, kumbuyo kwakhala pansi, tsitsani ena mubwerere kawiri. Ngolo yokokedwa ndi pikapu yopanda mabuleki ake isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, ndipo potsetsereka lowetsani giya yamphamvu, ya nambala yaing'ono, musanayambe kutsika, chifukwa mabuleki akatentha sagwiranso.

Musanapereke ndalama, pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ailize injini ili yozizira, aone utsi wake, akuuzeninso ngati zipangizo zake zimapezeka pa Dedza kapena pa Ntcheu pomwe pano.