Kusankha tenti yopepuka ya munthu mmodzi

Mwafunsa chogonamo choti mugule pokagona kutchire ku Kasungu muli nokha.

Choyamba, onani nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, lona ndi masikito zikukwanirani. M'dzinja gulani tenti ya nsalu ziwiri, chifukwa ya nsalu imodzi imachita thukuta mkati, mumadzuka bulangete litanyowa.

Kenako ikwezeni pasikelo pamodzi ndi zikhomo zake. Ikapitirira makilogalamu 2, isiyeni.

Pansi pake pakhale pokhuthala, posokedwa mokwera m'mbali, poti linthumbu silichita odi. Zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo, makamaka ngati tentiyo ndi ya pakaunjika.

Musananyamuke, ikhomeni pabwalo, muithire madzi, muone podontha. Ngati mukulowa m'paki ya Kasungu, muli njovu, funsani kaye oyang'anira pakiyo za malo ololedwa kugonapo.