Biti ikabuntha msanga musathamangire kunena ogulitsa

Amisiri a ku Kalingalinga, ku Garden ndi ku Chinika, dandaulo lanu ndi lomwelija, mabiti oboolera zitsulo a masiku ano ndi feki, kabowo kamodzi basi yatha. Ena ndi feki ndithu sitikana, koma nthawi zambiri nkhani ili mkati mwa chitsulo chomwe mukuboolacho.

Chitsulo cha mageti ndi mafelemu a mawindo, mild steel ija, kaboni yake ndi yochepa, cha m'ma 0.2%, mkati mwadzaza timibulu tofewa ta chitsulo totchedwa ferrite ndiye biti imangolowa. Koma sipulingi ya galimoto yomwe mwatola pa sikirapu kaboni yake ndi cha m'ma 0.6%, ndipo kufakitale anaiwotcha nkuiviika mu oilo ikadali yofiira, mkati monse nkusanduka martensite, mtundu wa chitsulo wolimba koopsa. Biti wamba ya HSS (high-speed steel) pamenepo siidula, imangokhula, kutentha kukayandikira 600°C nayonso imafooka, mumangoona nsonga yachita buluu, kwatha.

Ndiye musanaboole yambani mwayesa chitsulocho ndi tupa. Ikamaluma nkutulutsa tiphulusa tachitsulo, boolani. Ikamangoterereka ngati pagalasi, siyani kaye.

Kufewetsa kwake sikufuna ndalama. Ikani pamoto wamakala, pemererani mpaka chifiire bwino, yesani ndi maginito, akasiya kugwira ndiye kuti mwadutsa 770°C, onjezerani moto pang'ono chifiire mofanana ponse kenako chikwirireni m'phulusa louma chigone momwemo mpaka m'mawa. Kuzizira pang'onopang'onoko ndi kumene kumabweza pearlite, mtundu wofewerapo wa chitsulo, yomwe biti ndi mpeni wa pa lathe zimadula osavutika. Kungoti sipulingi yofewetsedwa musakaibwezere pagalimoto, imeneyo ndi ya makasu ndi zisenga basi.

Ndipo chonde auzeni anyamata anu asiye kuthira madzi pa shafiti kapena ekiselo yomwe angoiwotcherera kapena kuidula ndi gasi, eti kuti igwirike msanga. Madziwo amaumitsa m'mbali mwa weld, mawa mpeni ukafika pamenepo umalira nkuthyoka nsonga.

Stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, ndi ina. Iyo imalimba pomwe mukuikhula, ndiye chepetsani sipidi, kanikizani ndithu, thirani oilo wodulira, biti ikhale yonola, ndipo musaisiye izingozungulira m'bowo osadya kanthu.