Sage m'chigwa cha Shire: kayanikidwe ndi kamwedwe kake

Sage ndi chitsamba chochokera kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, cha banja limodzi ndi mpungabwi umene timafukiza pothamangitsa udzudzu. Mukatikita tsamba lake lotuwa laubweya lija, fungo limene limatsalira kuzala ndi mafuta osungidwa m'timatumba ting'onoting'ono pamwamba pa tsambalo. M'mafutawa muli mankhwala otchedwa cineole, amene amapezekanso m'masamba a bulugamu, komanso camphor ndi thujone. M'tsambamo mulinso tannin ndi rosmarinic acid. Tannin ndi amene amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, n'chifukwa chake madzi a sage amathandiza pa zilonda za m'kamwa ndi pakhosi.

Chimene chimaononga mankhwalawa kuno kwathu ndi dzuwa. Ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mafuta aja amauluka msanga. Woyanika masambawa pabwalo ngati mapira amatsala ndi zinyalala zopanda fungo. Thyolani m'mawa mame atangouma, chitsamba chisanachite maluwa. Yalani masambawo osasanjikiza pa lichero, muike pamthunzi podutsa mphepo, koma osati pafupi ndi denga la malata. Muziwatembenuza tsiku lililonse mpaka tsamba lizithyoka mukalipinda. Sungani athunthu m'botolo louma lotseka bwino, pamdima. Mukasinja msanga, timatumba tija timaphulika. Masamba ochita nkhungu tayani.

Pofuna kubzala, pewani dothi la makande chifukwa limasunga madzi ndipo mizu imaola. M'malo mwake bzalani m'thumba: boolani thumbalo pansi, muthiremo magawo awiri a mchenga, limodzi la dothi ndi limodzi la manyowa oola bwino. Bzalani mu Meyi kapena Juni, pamalo amene dzuwa la masana silifika, ndipo muzithirira pokhapokha dothi lapamwamba litauma.

Pokonza, ikani supuni yaing'ono imodzi ya masamba ouma m'kapu, muthire madzi owira, muvundikire ndi mbale kwa mphindi 10, kenako musefe. Osawiritsa masambawo pamoto, mphamvu imathawa ndi nthunzi. Pa zilonda za pakhosi, chukuchani katatu patsiku n'kulavula. Ngati mukumwa pofuna kuchepetsa kudzimbidwa, musapitirire makapu atatu patsiku kapena masabata awiri.

Malire amenewa si ongonena. Thujone akachuluka m'thupi amayambitsa chizungulire, kusanza, ngakhale kukomoka kumene. Amayi oyembekezera, ana ndi odwala khunyu asamwe, ndipo mayi woyamwitsa apewe chifukwa sage amachepetsa mkaka. Mafuta a sage ogulitsidwa m'timabotolo asamwedwe ngakhale dontho. Amene akumwa mankhwala a shuga afunse kaye kuchipatala.

Sage sachiza malungo. Thupi likatentha, makamaka madzi akasefukira mu Shire ndi Ruo udzudzu n'kuchuluka, pitani mukayezetse magazi tsiku lomwelo.