Ku Joni dzina labwino lokha silikukwaniranso: luso la m'manja ndi pepala lake

Aliyense amene wakhalako ku Joni anaonapo timapepala tomatidwa pamitengo ya magetsi ndi pakhomo la masitolo: "Mmalawi wokhulupirika akufuna ntchito ya m'dimba, yopenta kapena ya m'nyumba." Kwa zaka zambiri mawu akuti Mmalawi akhala ngati satifiketi paokha. Dzinali anatisiyira ndi agogo athu a ku Wenela ndi ku Theba, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analipo oposa 100,000 m'migodi ya dziko lino. Koma kumbukirani mmene njira ija inathera. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unatsegulidwanso pang'ono, ndipo pofika 1988 unatsekekeratu. Munthu amene ankangodziwa fosholo anabwerera kukagwira khasu. Amene anatolako luso la telala, ukalipentala kapena umakaniko anali ndi poyambira.

Ndikuona ngati tikulowanso m'nyengo yotero, n'chifukwa chake ndalemba izi kwa inu abale anga a ku Johannesburg, Cape Town, Durban ndi m'mafamu.

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili. Malinga ndi Stats SA, bungwe la boma losonkhanitsa ziwerengero, mwa anthu atatu alionse ofuna ntchito m'dziko lino, mmodzi alibe. Pakati pa achinyamata osapitirira zaka 24 amene akufuna ntchito, oposa theka akungokhala. Ganyu amene mukudikira pamphambano m'mawa akumudikiranso mnyamata wa ku Soweto, wa ku Masvingo ndi wa ku Maseru. Mkwiyo umene timauona lero kwa a Operation Dudula, gulu lothamangitsa alendo, ngakhale ndi wolakwika ndipo unatiphetsa abale mu 2008 ndi 2015, umamera pa njala imeneyi, ndipo andale amaudziwa kukoma kwake. Mu 2025 nduna za boma zinavomereza ndondomeko yopatsa nduna ya zantchito mphamvu zoika malire a chiwerengero cha alendo olembedwa m'magawo ena. Magawo amene akutchulidwa ndi ulimi, malo odyera ndi ogona alendo, zokopa alendo ndi zomangamanga. Werengani bwino mndandandawo: ndi komwe ambiri a ife tili.

Za mapepala tisanamizane. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ongocheza, osati ogwira ntchito. Mukapitirira nthawiyo ndi masiku osafika 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka. Mukapitiriza kuposa pamenepo, zaka zisanu. Akakugwirani m'kati, njira ndi ya ku Lindela, kumene amasungira alendo asanawabweze kwawo. Kuyambira mu Okutobala 2024, a Home Affairs amapereka chilolezo cha ntchito powerengera mapointi, ndipo pamafunika 100. Amayang'ana maphunziro, malipiro amene bwana walonjeza ndi zaka zimene mwagwira ntchitoyo. Ngati ntchito yanu ili pa Critical Skills List, mndandanda wa ntchito zimene dziko lino likusowa odziwa, mapointi onsewo mwawapezeratu. Ntchito ya m'dimba ndi ya m'nyumba palibepo pamenepo, ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi mnzake mu ofesi amene angakukonzereni pemiti ndi ndalama zakutizakuti, sungani ndalama zanuzo. Chidindo chabodza chikadziwika mlandu wake umaposa wopitiriza masiku.

Izi sizikutanthauza kuti wopanda pemiti ndi kapolo. Mu 2008, pamlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake sichili bwino akadali wantchito pamaso pa lamulo. Akakuchotsani mopanda chilungamo, kadandauleni ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30, ndipo salipiritsa. Malipiro otsikitsitsa anakwera kufika R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka. Kuyambira 2022 wantchito wa m'nyumba amayenera kulandira chimodzimodzi ndi ena onse. Azimayi athu ambiri sadziwanso kuti kuyambira 2020 wantchito wa m'nyumba akavulala pantchito ali ndi ufulu wolandira chipepeso. Gulani kabuku, muzilembamo tsiku, ola lolowera, ola lowerukira ndi ndalama zimene mwalandira. Mauthenga a WhatsApp a abwana musafufute.

Nanga luso lofunika m'zaka zikubwerazi ndi liti? Dziko lokhala ndi malova ochuluka chonchi likusowabe amisiri. Boma linadziikira cholinga chotulutsa amisiri 30,000 pachaka pofika 2030, chifukwa odziwa zamagetsi, kuwotcherera zitsulo, mapaipi a madzi, injini za dizilo ndi mafiriji ndi ochepa ndipo ambiri akukalamba. Kuzimazima kwa magetsi a Eskom, kumene kunafika poipitsitsa mu 2023, kunadzaza madenga ndi sola, ndipo ma inverter ndi mabatire onsewo adzafuna wowakonza kwa zaka zambiri. Mavuto a madzi ku Gauteng akuchititsa anthu kuika mathanki ndi mapampu pakhomo. Zimenezi si ntchito zoti makina kapena foni ingakulandeni mawa, pamene ntchito za pakauntala m'masitolo ndi m'mabanki zikunka zichepa.

Pano ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Ambiri a inu lusoli muli nalo kale theka. Mwakhala zaka zinayi mukunyamulira bwana makwerero, kukoka mawaya m'denga, kumanga mapanelo. Bwana akadwala ntchito mumaimaliza nokha. Koma malipiro akadali a wothandizira chifukwa palibe chimene chikusonyeza kuti mumaidziwa. M'dziko lino nyumba yoikidwa magetsi imafuna chikalata chotchedwa Certificate of Compliance, ndipo amasainira ndi mmisiri wolembetsedwa yekha. Ndalama zili pa sainiyo.

Njira yake ilipo. Imatchedwa ARPL: amayesa luso limene munthu anaphunzirira pantchito, kenako amamulola kukalemba trade test, ndipo akakhoza amalandira satifiketi imene anthu amaitchula kuti Red Seal. Yambani kufunsa ku koleji ya boma yophunzitsa luso la m'manja (TVET) imene ili pafupi nanu. Adzafuna mapepala okhalira m'dziko olongosoka ndi umboni wa zaka zimene mwagwira. Umboniwo yambani kuusonkhanitsa lero: kalata yochokera kwa bwana aliyense yonena ntchito imene munkagwira ndi miyezi yake, zithunzi za ntchito zanu, nambala za makasitomala. Kalata pemphani mukadali pabwino ndi abwanawo, osati tsiku lokangana. Ngati muli ndi MSCE, satifiketi ya ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu kapena Livingstonia Technical, kapena digiri, itumizeni ku bungwe la SAQA kuti aiyerekeze ndi maphunziro a kuno. Popanda kutero pepala lanu ndi lokongoletsa sutikesi basi. Ndipo musanalipire koleji iliyonse ya m'nyumba zosanja za m'tauni, fufuzani ngati inalembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro apamwamba ndiponso ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi QCTO kapena SETA, mabungwe oyang'anira maphunziro a luso. Safunsa anadya phula, ndipo makoleji achinyengo adyera alendo ambiri.

Ngati mapepala okhalira kuno sali bwino, musataye mtima. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi, pitani ku ofesi ya TEVETA mukafunse za kuyesedwa luso limene munaphunzira pantchito ndi za Trade Test. Mlungu umodzi umenewo ndi waphindu kuposa kuzungulira pamsika mutavala jekete latsopano.

Ena maso ali kutali. Ku Britain khomo la ntchito yosamalira okalamba linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025, ndipo chaka cha 2024 anali ataletsa kale kutenga banja. Wokutsatsani kalata ya ntchito imeneyi lero akukuberani. Ku Zambia nkhani ndi mkuwa: boma likufuna kufika matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031, ndipo kufupi ndi Solwezi mgodi wa Kansanshi unakuzidwa mu 2025 pamene wa Lumwana ukukuzidwa. Ku Tete malasha a ku Moatize akuyendabe pa njanji yodutsa kwathu kupita ku Nacala, koma kumeneko popanda Chipwitikizi simupita patali. Konseko amayamba kulemba nzika zawo, ndipo mlendo amalowa ndi luso lokhala ndi pepala, osati mphamvu zokha.

Kwathu nako zinthu n'zovuta, sindikubisa. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi ndalama zakunja zimasowa. Komabe yang'anani zimene zikumangidwa. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwanso mu 2025. Pali migodi ya Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe ndi Songwe ku Phalombe, damu la magetsi la Mpatamanga pa Shire, ngalande yothirira ya ku Chikwawa, ndi minda ya sola ku Salima ndi Golomoti imene ikugwira kale ntchito. Zina zidzachedwa, monga mwa nthawi zonse, koma zikayamba zidzafuna owotcherera, a zamagetsi, oyendetsa zigandumula ndi amakaniko. Zimandipweteka kuganiza kuti makampaniwo adzaitanitsa amisiri kunja pamene ana a dziko ali kuno akutchetcha kapinga. Ngakhale musalowe mu kampani, munthu wodziwa kuika pampu ya sola pachitsime sagona ndi njala ku Mchinji kapena ku Mzimba.

Choncho posankha luso dzifunseni ngati lidzakudyetsani kuno ndi kumudzi komwe. Pa ndalama zimene mumatumiza mwezi ndi mwezi, patulaniko pang'ono za kosi ndi zida, ndipo auzeni akunyumba chifukwa chake kuti asaganize kuti mwawataya. Ngati muli pachipereganyu ndi anzanu, ulendo wanu ukafika musagule foni ina. Gulani makina owotcherera, grinder kapena mita yoyezera magetsi, ndipo malisiti ake muwasunge pamodzi ndi pasipoti, chifukwa pa Mwanza kapena pa Dedza a kasitomu adzawafuna tsiku lobwerera nazo.